Kodi anthu a ku Mexico amavina kumanda chifukwa cha ufiti?

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti anaona zithunzi za anthu a ku Mexico atadzipenta nkhope ngati chigaza, akuimba kumanda usiku, ndiye akufunsa kuti, "Kodi zimenezi si zaufiti?"

Ayi mayi, si ufiti. Chimene munaonacho ndi Día de Muertos, mwambo wokumbukira akufa umene umachitika pa 1 ndi 2 Novembala. Tsiku loyamba ndi la ana amene anatisiya, lachiwiri ndi la akuluakulu. Masikuwa ndi omwewo amene Akatolika amakumbukira oyera onse ndi mizimu ya omwalira, koma mwambowu unasakanikirana ndi zikhulupiriro za eni nthaka zomwe zinalipo Asipanishi asanafike.

Kunyumba amakonza tebulo lotchedwa ofrenda. Pamenepo amaikapo chithunzi cha malemu, makandulo, madzi akumwa, buledi wapadera ndi chakudya chimene malemuyo ankachikonda. Maluwa achikasu a cempasúchil amawamwaza kuyambira pakhomo kuti mzimu usasochere pobwera kudzacheza. Pa chilumba cha Janitzio, m'nyanja ya Pátzcuaro, mabanja amachezera usiku wonse pamanda a abale awo.

Nkhope yachigazayo ili ndi mbiri yake. Katswiri wa zojambulajambula wa ku Mexico, José Guadalupe Posada, anajambula chigaza chovala chipewa chachikulu cha akazi olemera, pofuna kudzudzula anthu amene ankatengera za ku Ulaya n'kumanyoza chikhalidwe chawo. Mu 1947 katswiri wina, Diego Rivera, anachijambulanso, thupi lonse litavala diresi lalitali. Ameneyo ndiye La Catrina. Choncho mtsikana wovala chotero akunena kuti wolemera ndi wosauka, mafupa ndi amodzimodzi.

Koma chimene chimandikhudza ine kwambiri ndi nyimbo. Oimba a mariachi, omwe kwawo ndi m'chigawo cha Jalisco, amavala suti za charro (amuna okwera akavalo) zokongoletsedwa ndi zitsulo zonyezimira, kumutu zipewa zotambalala, m'manja malipenga, vayolini ndi magitala. Mabanja ena amawalipira kuti akaimbe pamanda penipeni nyimbo imene bambo awo ankaikonda. Tangoganizani, mwana kumva nyimbo ya bambo ake ataimirira pomwe iwo anagona!

Nafenso, mayi, timasonkhana pa chiliza, kuphika, kutchula mayina a omwe anapita. Ndipo mlendo woona Gule Wamkulu pamaliro koyamba akhoza kufunsa funso lanu lomweli. Mu 2008 bungwe la UNESCO linalemba miyambo iwiriyi, wa ku Mexico ndi wa Achewa, pa mndandanda umodzi wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse.