Yankho kwa alamu pa za layibulale ndi foni

Alamu, mwaswera bwanji ku Bangwe uko? Funso lanu ndinaliona masana, koma pakauntala pa layibulale yathu panali anthu ambiri, ndiye ndati ndiyankhe ndi pakamwa pano ndafika kunyumba. Enanu a pagulu lino mundipirire, uthengawu utalika pang'ono.

Mwati ahedi akupatsani makiyi a layibulale ya papulayimale panu, ndipo akufuna mutsegule tsamba la Facebook sabata yomwe ino, ndiye mukufunsa kuti ine ndinaphunzira bwanji zimenezi komanso muyambire pati. Poyamba ndithokoze kuti mwavomera. Ana a kumeneko apeza mwayi, ine mtima wanga wakondwa zedi.

Ine ndinaziphunzira mu March 2020, masukulu atatsekedwa chifukwa cha Covid-19. M'layibulale munangoti zii, koma foni yanga siinaleke kulira. Makolo ankafunsa choti ana awerenge kunyumba, a Folomu 4 ankafuna mapepala a mayeso akale. Mnyamata wina amene ankakonda kudzawerenga kwathu ndi amene anakhala nane pansi n'kumandionetsa podina. Iye ankadziwa foni, ine ndinkadziwa mabuku ndi anthu owafuna, tinangophatikiza. Pasukulu panupo aphunzitsi achinyamata alipo, akokereni pafupi.

Koma musayambe ndi Facebook ayi. Yambani ndi kaundula. Mungawauze chiyani anthu pa intaneti ngati inuyo simukudziwa zomwe zili pamashelefu anu? Tsegulani Google Sheets, pulogalamu yolembamo zinthu m'mizere ngati m'kaundula, ndi yaulere, imagwira ngakhale pafoni. Buku lililonse likhale ndi mzere wake: dzina la buku, mlembi, chilankhulo, kalasi yoyenera, makope angati, ndi nambala ya pashelefu. Manambalawo ndi a Dewey, osanjira mabuku potengera zomwe akukamba, amene anayamba kale mu 1876: za zilankhulo pa 400, sayansi pa 500, nthano ndi ndakatulo pa 800, mbiri ndi malo pa 900. Kwa ana ang'onoang'ono mungomata timapepala ta mitundu pamsana pa buku, kofiira Sitandade 1 ndi 2, kobiriwira 3 ndi 4, choncho. Malayibulale akuluakulu amagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa Koha, inayambira ku New Zealand, nayonso ndi yaulere, koma imafuna kompyuta ndi munthu woisamalira. Inu panopa simukuifuna.

Kaundula wa pepala musamutaye, magetsi akazima kapena netiweki ikavuta ndi amene amatipulumutsa. Koma wa pa intanetiyo ndikulimbikira chifukwa cha zomwe tinaona mu March 2023. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi madera ena ozungulira phiri la Soche, masukulu ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Pa nthawi ngati imeneyo mabuku amanyowa, ena amasowa, kaundula wa pepala nayenso amawonongeka. Wofuna kukuthandizani akadzafunsa kuti mwataya chiyani, mumangotsegula foni n'kumuonetsa.

Mukatha apo, pitani pa WhatsApp. Taganizani, ana anu a pulayimale alibe mafoni, ndipo malamulo a Facebook salola mwana wosakwana zaka 13 kukhala ndi akaunti. Ndiye amene mukulankhula nawo ndi makolo, ndipo makolo a ku Bangwe, amayi ogulitsa tomato mumsika wa Limbe, abambo a kabaza, ali pa WhatsApp, poti bandulo yake ndi imene ambiri amakwanitsa. Tsegulani gulu, koma mulowe mu settings musankhe kuti otumiza mauthenga akhale ma admin okha, apo ayi pakutha pa sabata mudzapeza mwadzaza malonda a zitenje ndi mikangano ya mpira. Ofuna kufunsa akulembereni kumbali. Komanso muzitumiza mawu ngati mmene ndikuchitira panomu, mwachidule, m'Chichewa, chifukwa makolo ena kuwerenga kumawavuta koma amafunitsitsa mwana wawo adziwe. Amene ali ndi foni ya mabatani musawaiwale, uthenga womwewo ulembedwenso pabolodi ndipo unenedwe pa asembule.

Ndikuuzeni mmene ndimachitira ine Lolemba m'mawa. Ndimatenga buku limodzi, ndimalipukuta fumbi, n'kuliika patebulo pafupi ndi zenera pamene kuwala kukulowa bwino. Galasi la kamera ndimalipukuta ndi nsonga ya chitenje. Ndimajambula chikuto chokha, osati masamba a m'kati. Pansi pake ndimalemba mizere iwiri kapena itatu: bukuli likukamba za chiyani, ndi la msinkhu uti, lili pashelefu iti, timatsegula nthawi yanji. Basi. Chithunzi chimodzi, osati vidiyo, chifukwa vidiyo imadya bandulo ya anthu. Ndiye pofika masana mumaona mwana akulowa, wagwira foni ya mayi ake ndi manja awiri, akukuonetsani chithunzi chija n'kunena kuti, ndikufuna ili. Alamu, zikatero ine kutopa konse kumatha.

Tsamba la Facebook mudzatsegula ndithu, ahedi sakulakwa, limathandiza kuti ophunzira akale ndi anthu akufuna kwabwino adziwe kuti mulipo. Koma likhale tsamba la sukulu, osati akaunti yanu ija mumaikapo zithunzi za ukwati ndi za kutchalitchi. Mutsegule imelo ya layibulale payokha, ndipo oyang'anira tsambalo akhale awiri, kuti tsiku lina mukadzasamutsidwa lisadzafe. Pa WhatsApp muyatse two-step verification, chitetezo choonjezera cha akaunti yanu, ndipo manambala 6 aja amabwera pa SMS musapatse munthu aliyense, ngakhale anene kuti ndi wa ku ofesi ya maphunziro. Ndi mmene akuba amabera akaunti, kenako n'kuyamba kupempha makolo ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba m'dzina lanu.

Nkhope za ana, apa ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse. Musaike chithunzi cha mwana popanda chilolezo cha makolo, ndipo dzina lake ndi kalasi yake zisamaoneke. Jambulani manja atagwira buku, kapena ana atafulatira. Chithunzi chikapita pa intaneti simungachibwezenso.

China, anthu adzakutumizirani mabuku a PDF kuti mugawe pagulu. Ambiri mwa amenewo ndi ojambulidwa mwakuba. Tili ndi lamulo la Copyright la 2016, ndipo a COSOMA, bungwe loteteza ntchito za olemba ndi aluso, ndi amene amayang'anira zimenezi. Olemba mabuku athu ndi Amalawi anzathu, amadya thukuta lawo pomwepo, ndiye ife a layibulale tisakhale oyamba kuwabera. Zaulere zovomerezeka zilipo. Fufuzani African Storybook, muli timabuku ta nthano ta zithunzi, tina m'Chichewa, ndipo eni ake amalola kutikopera pafoni ndi kutisindikiza. Timagwirizana bwino ndi zomwe ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira mu National Reading Programme ija inayamba mu 2016.

Tsopano chachikulu pa zonse. Makolo akangodziwa kuti ndinu a layibulale, adzayamba kukufunsani kuti, kodi izi n'zoona? Wina watumiza ndandanda ya mayeso a Sitandade 8, wina mayina a osankhidwa kupita kusekondale, wina mwayi wa sukulu yaulere kunja bola ulipire kaye kandalama kolembetsera. Musayankhe mothamanga. Onani kaye pamwamba pa uthengawo, ngati pali timivi tiwiri ndi mawu oti watumizidwa kambirimbiri, chenjerani. Za mayeso, pitani pa tsamba la MANEB lenilenilo kapena la Unduna wa Zamaphunziro. Ma adiresi a boma amathera ndi gov.mw, a mayunivesite athu monga MUBAS ndi KUHeS amathera ndi ac.mw. Onaninso deti, chifukwa zambiri zimakhala zoona koma za chaka chatha. Chikakhala chithunzi, chiikeni mu Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi, ikhoza kukuonetsani malo ena kumene chinaonekerapo kale. Mukapeza yankho, muwauze makolo komwe mwalipeza, kuti mawa adzathe kufufuza okha. Ntchito imeneyi ndi yomwe ija takhala tikugwira pakauntala, kulozera munthu buku loyenera, kungoti pano funso likubwera pafoni, nthawi zina usiku. Pa chimenechi mudziikire malire, muwauze kuti mumayankha nthawi ya ntchito, banja nalonso likukufunani.

Mukapeza mpata mukafike ku nthambi ya National Library Service mu Blantyre muno, mukadzidziwitse kuti sukulu yanu ili ndi layibulale, chifukwa amagwira ntchito ndi masukulu. Mukaikonda ntchitoyi, ku Mzuzu University kuli maphunziro ake mpaka digiri.

Loweruka masana ndili pakhomo. Mubwere ndi foni yotchaja bwino, ndi mabuku okwana jumbo imodzi ochokera pashelefu yoyamba, tidzayambire limodzi mizere yoyambirira ya kaundulayo. Achimwene muwauze akuperekezeni, minibasi za ku Limbe madzulo zimavuta. Moni kwa ana onse.