Kuchokera ku Ulongué mpaka ku Johannesburg pa galimoto yolumikiza nokha

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique. Akuti anagula ku South Africa zipangizo za kagalimoto ka anthu awiri, kopanda denga, kamene amati kit car: chesisi ya mapaipi achitsulo ndi thupi la fayiba. Anakalumikiza okha pakhomo, n'kuikamo injini ya Toyota Corolla, 4A ija ya 1600. Tsopano kakuyenda, ndipo akufuna kukafika nako ku Johannesburg mu Novembala kukaona mwana wawo. Akufunsa kuti: "Kodi kangapirire? Nditenge chiyani, ndipo ndidzere kuti?"

Achimwene, ulendowu ndi wotheka, ndipo injini mwasankhayo si yodetsa nkhawa. Chimene muyenera kuchiganizira kwambiri ndi ichi: galimoto yanu ilibe dzina limene anthu apanjira akulidziwa. Hilux ikafa pa Mutoko ku Zimbabwe, makaniko aliyense amadziwa pogwira, ndipo wapachipata amangoyang'ana kamodzi n'kudinda. Yanuyi aliyense aiona koyamba. Choncho mbiri yake yonse muyenera kuyenda nayo inuyo, yolembedwa papepala.

Tiyambe ndi mapepala, chifukwa ndi amene amabweza anthu ambiri kuposa kuwonongeka kwa injini. Tengani livrete yanu, pepala la kalembera wa galimoto, mugwade pambali pa galimoto ndi tochi, muwerenge nambala ya chesisi ndi ya injini chilembo ndi chilembo. Pa 4A nambala ya injini inadindidwa pa buloko, ndipo kawirikawiri imakhala yobisika ndi dothi losakanizika ndi oyilo. Ipukuteni ndi petulo pang'ono mpaka ioneke. Ngati livrete ili ndi nambala ya injini ina, kapena ikunena mtundu wa penti umene sunalinso pagalimotopo, pitani ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, mukakonzetse musanaganize n'komwe za tsiku lonyamuka. Nambala ya chesisi ikhale yodindidwa pachitsulo chenichenicho, poonekera. Kapepala kachitsulo kongomata ndi marivete pa fayiba wapolisi amakakayikira, ndipo sitingamunene, pakuti magalimoto obedwa amadutsa m'zipata zomwezi. Onjezerani título de propriedade (pepala la umwini), pepala la inspecção (loyezetsera galimoto) losatha ntchito, malisiti ogulira zipangizo ndi a injiniyo, ndi mafotokope atatu a chilichonse. Pa Cuchamano, chipata cholowera ku Zimbabwe, a kasitomu (Alfândega) akulembereni chilolezo chotulutsira galimoto kwa kanthawi, ndipo muchisunge bwino, adzachifuna pobwerera.

Mukawoloka kulowa Nyamapanda, mbali ya Zimbabwe, a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho kumeneko, amapereka TIP, chilolezo cholowetsera galimoto kwa kanthawi, ndipo mumalipira carbon tax, road access fee ndi inshuwalansi yoteteza amene mungawagunde. Inshuwalansi yakwanu musaidalire pokhapokha italembedwa kuti imagwira ntchito kunja. Tengani madola a ku America ang'onoang'ono, a 1, 5 ndi 10, chifukwa chenji chimavuta ndipo matollgate alipo angapo. Apolisi a ku Zimbabwe amafuna matrayango awiri, chozimira moto chosatha ntchito, ndi zomata zonyezimira, zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo. Ku South Africa ndalama ya Road Accident Fund, thumba la boma lothandiza pa ngozi zapamsewu, imalowa pamtengo wa petulo, koma imathandiza anthu ovulala okha. Mukaphwanya galimoto ya wina, mlandu ndi wa thumba lanu.

Njira yake ilibe zambiri: N304 mpaka Mussacama, N7 kudzera Moatize ndi Tete mpaka Changara, kenako N8 kupita ku Cuchamano. Kuchoka ku Tete kufika ku Harare ndi pafupifupi makilomita 380, Harare mpaka Beitbridge, chipata cholowera ku South Africa, kudzera Masvingo pafupifupi 580, ndipo kuchoka pamenepo pa N1 kudzera Musina ndi Polokwane ndi ena 540. Mukawonjezera mtunda wa kwanu ku Angónia mukupitirira 1,700. Mabasi amathamanga usana ndi usiku, koma inu gawani masiku anayi: mugone ku Tete, ku Harare, ndi ku Musina kapena pa Beitbridge. Usiku musayende. Kumunsi kwa Masvingo ng'ombe ndi abulu zimagona pamsewu, ndipo munthu wokhala pansi ngati inuyo magetsi a thiraki amamuwalira m'maso mwenimweni.

Tsopano za Novembala, ndipo apa tikupemphani mutimvere. Inu mwayesera galimoto yanu kumapiri a Angónia, kumene kumazizira. Tete ali m'chigwa cha Zambezi, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 masiku ambiri. Beitbridge nayonso ndi ng'anjo, ndipo pamenepo mumaima pamzere injini ikulira, mphepo yopita ku radiyeta palibe. Mvula nayo imayamba nthawi yomweyi, inu mulibe denga. Kukanakhala kotheka, Juni kapena Julayi ndiye nyengo yake. Ngati tsiku silingasunthe, tsikirani ku Tete kaye mukaiyese: iimikeni padzuwa masana, injini ilire mphindi 30. Fani iyenera kuyaka, kutsitsa muvi wa geji ya kutentha, n'kuzima yokha, kenako kuyakanso. Ikangoyaka osazimanso, ndiye kuti radiyeta ikuchepa kapena mpweya sukudutsamo.

Vuto lachiwirili ndi lofala pa timagalimoto totere. Pakati pa mphuno ya fayiba ndi radiyeta pamatsala mipata m'mbali ndi pamwamba, ndipo mpweya umathawira momwemo m'malo modutsa m'radiyeta. Tsekani mipatayo ndi malata opyapyala a aluminiyamu kapena siponji yolimba. Thermostat musaichotse, ngakhale amakaniko ambiri amakonda kutero. Ikani yatsopano ya madigiri 82. Sinthani chivundikiro cha radiyeta, chifukwa chikafooka madzi amawira msanga. Thirani coolant theka, madzi oyera theka, osati a pachitsime amene amasiya makoko m'timipope. Fani ikhale ndi relay yake ndi fyuzi ya 30A, ndipo muike switchi pa dashibodi yoti muziyatsa nokha ikakana kuyaka. Yang'ananinso kumene mpope wa petulo wadutsa. Ukayandikira ekizozi, petulo amawira m'kati, injini n'kuzima pamzere, n'kudzalira yokha ikazizira, inu mutamasula kale zinthu zosalakwa.

Petulo wa ku Zimbabwe amasakaniza ndi ethanol, nthawi zina mpaka 20 pa 100. Ethanol amafewetsa mipira yakale ndipo amatsuka litsiro lonse la m'thanki n'kulikankhira ku fyuluta. Gulani mpope wolembedwa SAE J30 R9, musinthe yonse, ndipo mutenge mafyuluta awiri apadera. Ngati thanki yanu ndi ya fayiba, ikani ya chitsulo kapena ya aluminiyamu. Muyezenso mtunda umene imakufikitsani: ya malita 30, pa makilomita 12 pa lita, ndi 360 papepala, koma inu werengerani 250. Mukaona bomba (malo omwetsera petulo) yotsegula thanki ili theka, imani.

Kunsi nako. Tengani tepi muyeze kuchokera pansi kufika pa sampu, mbale yosungira oyilo kunsi kwa injini, galimoto itasenza katundu yense ndi anthu awiri. Zambiri zamtunduwu zimapereka masentimita 10 kapena kuchepera. Malomba (zitunda zochepetsera liwiro) a m'matauni ndi mizere imene mathiraki amakumba m'phula kufupi ndi Moatize zingathe kuboola sampu, oyilo n'kuthera pansi m'mphindi zochepa. Mangani chitsulo cha mamilimita 3 kunsi kwake, chogwira pa chesisi osati pa injini. Ngati masipuling'i anu ndi osinthika, kwezani masentimita awiri, kenako mukaongoletse matayala. Lomba muziidutsa mopingasa, tayala limodzi limodzi. Masana magetsi akhale oyaka, poti dalaivala wa thiraki sakuonani mukakhala m'mbali mwake.

Galimoto yolumikiza pamanja imamasula mabawuti m'makilomita ake oyamba, choncho isatuluke m'dziko isanayende 1,500 kwanu konkuno. Ulendo wa Ulongué ku Tete ndi kubwerera, kanayi, ukukwanira. Mukamanga bawuti iliyonse ya miyendo, ya chiwongolero, ya propshaft ndi ya mabuleki, lembani kamzere ka penti kuchokera pamutu wake kufika pachitsulo. M'mawa uliwonse mungoyang'ana: mzere ukasemphana, bawutiyo yayenda. Za magetsi, kumbukirani kuti fayiba sidutsitsa magetsi. Nyali iliyonse iyenera kukhala ndi waya wake wa earth wokafika pa chesisi, ndipo nyali zikayamba kuphethira kapena geji kunama, yambani kufufuza pamenepo.

Pepala lomaliza ndi limene ambiri amaliiwala. Lembani chipangizo chilichonse ndi galimoto imene chinachokera: mabuleki akutsogolo ndi a chiyani, chaka chiti, maberingi nambala yanji, difu, lamba wa alitaneta, kebulo ya kilatchi. Musitolo ya zipangizo ku Masvingo mukanena kuti kit car angokuyang'anani, koma mukatchula Corolla kapena Cortina ndi nambala yake, apita pa shelefu. Zimene zinapangidwira galimoto yanu yokha, monga kebulo ya akisileta ndi mipope ya radiyeta yopindika, tengani zapadera. Onjezerani lamba, mafyuzi, relay, pampu ya petulo, beringi imodzi, oyilo malita awiri, mafuta a mabuleki a DOT 4, madzi malita asanu a injini ndi ena akumwa, waya ndi ma cable tie. Jeke muiyese tayala litaphwa, chifukwa zambiri sizilowa kunsi kwa galimoto yotsika chonchi. Thabwa lokwezerapo tayala limathandiza.

Pa bomba musalole kuti akupopereni matayala kufika 2.2 bar monga amachitira ndi magalimoto ena. Yanu imalemera pafupifupi makilogalamu 600, ndipo mpweya wotere umaidumphitsa n'kugwedeza mabawuti aja. Yambani pa 1.4, mukasenza katundu 1.6, ndipo muyeze m'mawa matayala asanatenthe, ndi geji yanuyanu.