Mwana wasiya kufunsa mafunso

Funso: Mwana wanga wa zaka 10 ankakonda kufunsa mafunso, koma pano amangobwereza zimene aphunzitsi ndi anzake anena. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Ana amazindikira msanga kuti kuloweza kumabweretsa malikisi, pamene kufunsa kumabweretsa kusekedwa. Akuluakulunso amagonja: m'kafukufuku wa 1951 wa Solomon Asch, katswiri wa maganizo a anthu, anthu pafupifupi 75 pa 100 alionse anavomereza yankho lolakwika moonekeratu, kamodzi kapena kuposa, pongotsatira gulu. Koma pakapezeka mmodzi wotsutsa gululo, ambiri ankalimba mtima.

Mmodziyo mukhale inuyo. Mukamufunsa funso, dikirani masekondi osachepera 3, chifukwa mukafulumira kumuyankhira amazolowera kuyembekezera yankho lanu. Akalakwa, musamuseke ngakhale mwachikondi. Yambani mwamufunsa kuti, "Wafika bwanji pa yankho limeneli?" kenako mukonze limodzi pamene papindika.