Mafuta a pa lane ya bowling akavuta, kodi yankho ndi mpira wokhota kwambiri?

Mmodzi wa owerenga anzanu wanditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndi bwino ndiyankhire pano. Iye akuti wakhala akusewera bowling mu ligi wamba ndipo zimamuyendera, koma chilowereni mpikisano womwe amathira mafuta a mtundu wa sport, zinthu zasokonekera. Ali ndi mpira umodzi wokha, wa khungu lakunja lonyezimira la mtundu wa reactive pearl. Tsiku lina umangoterereka mpaka kumapini osakhota, tsiku lina umakhota mwadzidzidzi n'kudutsa pini yoyamba kupita mbali inayo. Funso lake n'lakuti: "Kodi ndingogula mpira wokhota kwambiri kuposa yonse kuti vutoli lithe?"

Zikomo kwambiri polemba. Yankho langa n'lakuti musagule umenewo, makamaka pakali pano. Chomwe chikukusowani ndi mpira womwe mungadziwiretu zomwe uchite ukachoka m'manja mwanu, ndipo mpira wotere kawirikawiri sukhala wolusa kwambiri pa shelefu.

Tiyambe ndi chomwe chasintha, chifukwa mpira wanu ndi womwe uja. Lane, njira yomwe mpira umagubudukamo, ndi yotalika mafiti 60 kuchokera pamzere wa foul, womwe woponya saloledwa kuudutsa, kukafika pa pini yoyamba, ndipo m'lifupi mwake muli matabwa 39. Makina amapaka mafuta chigawo choyambirira chokha, kumapeto n'kusiya kouma. Mu ligi wamba amaunjika mafuta pakati, m'mbali n'kupaka pang'ono, mwina mpaka kuchuluka kwa 10 kwa 1. Mukaphonyera kunja mpira umapeza pouma n'kubwerera wokha ku pocket (mpata wa pakati pa pini yoyamba ndi yoyandikana nayo, pomwe mpira umafunika kugunda), mukaphonyera mkati mafuta amaugwira kuti usapitirire. Pa sport kusiyanako kumatsika kufika cha m'ma 3 kwa 1 kapena kucheperapo, ndipo pa mpikisano wa U.S. Open ku America mafuta amadziwika kuti amakhala pafupifupi ofanana paliponse. Ndiye kuti lane yomwe inkakukonzerani zolakwa yasiya kutero. Kuphonya kwa matabwa awiri komwe kale simunkakuona n'komwe, lero kukuonekera poyera.

Mawu akuti "mafuta ovuta" amabisa zinthu zingapo zosiyana. Pemphani pepala la pattern, kutanthauza kapakidwe ka mafuta, kwa okonza mpikisano, muone kutalika kwake, kuchuluka kwa mafuta m'mamililita, ndi kusiyana kwa pakati ndi m'mbali. Pa kutalikako osewera ali ndi kawerengedwe kosavuta: chotsani 31 pa mafiti a pattern, nambala yotsalayo ndi thabwa lomwe mpira uyenera kukhalapo potuluka m'mafuta, kuwerenga kuchokera ku ngalande ya m'mbali mwa lane. Pattern ya mafiti 35 ikukuuzani thabwa la 4, pafupi ndi ngalande. Ya mafiti 45 ikukuuzani thabwa la 14, pafupi ndi pocket. Si lamulo la mwala, koma limakupatsani poyambira. Bungwe la akatswiri a bowling la PBA litabweretsa ma pattern awiri, Wolf ya mafiti 32 ndi Badger ya mafiti 52, mu 2013, linaonetsa kutalikirana kwa mbali ziwirizi. Palibe mpira umodzi womwe ungakhale woyenera pa zonse ziwiri.

Tsono madandaulo anu awiri aja ndi matenda awiri osiyana ochokera ku khungu limodzi. Pearl yonyezimira imaterereka bwino m'mafuta, kusunga mphamvu zake, kenako ikagunda pouma imatembenuka mwaukali. Pa pattern yaitali pouma pamachepa, moti imafika kumapini isanayambe n'komwe kugwira. Pa yaifupi pouma pamachuluka, ndiye imalumpha. Pa mafuta wamba khalidwe limeneli limaoneka lokongola, koma pa sport limakulanga.

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Kafukufuku wa kayendedwe ka mpira yemwe bungwe loyang'anira bowling ku America la USBC linamaliza mu 2008 anapeza kuti kukhakhala kwa khungu la mpira ndi momwe limagwirira lane ndi zomwe zimalamula kwambiri, kuposa core, chigawo cholemera chomwe chili mkati mwa mpira. Izi zikutanthauza kuti musanatulutse ndalama ya mpira watsopano, pali chinthu chotsika mtengo choti muyese: timapadi tokwechera mpira, monga ta Abralon, tomwe timabwera m'manambala ngati 500, 1000, 2000 ndi 4000. Nambala ikakhala yaing'ono, khungu limakhakhala kwambiri, mpira umayamba kugwira msanga ndipo umakhota mwa uta wofatsa. Kwechani pearl yanuyo ndi 2000, mozungulira mpira wonse mofanana, mukaponye. Ambiri amadabwa kuona kuti uli ngati mpira wina. Kumbukirani kuti m'malamulo a USBC izi muyenera kuchita mpikisano usanayambe. Ukayamba, chololedwa n'kupukuta ndi thaulo louma basi.

Koma musapitirire muyezo. Mpira wabwino umadutsa magawo atatu: kuterereka, kukhota, kenako kugubuduzika molunjika kulowa m'mapini. Ukakhakhala kwambiri kapena ukakhala wolusa kuposa mafuta omwe alipo, umamaliza mphamvu zake uli pakati panjira, n'kufika kumapini utatopa. Mumaona wagunda pocket bwinobwino koma pini ya 10, ya pakona ya kumanja kumbuyo, yatsala chiimire, ngati ndinu wa dzanja lamanja. Anthu ambiri akaona zotere amaganiza kuti mpira sukukhota mokwanira, n'kukagula wolusa kuposa pamenepo, vuto n'kukulirakulira. Zimandimvetsa chisoni chifukwa chomwe chinkafunika chinali kuchepetsa.

Ngati mwatsimikiza zogula, ndipo ndikuona kuti pa mpikisano wa sport mpira umodzi ndi wochepadi, gulani wa solid reactive (khungu lomwe limagwira lane msanga kuposa pearl) wokhala ndi core ya symmetric (yofanana mbali zonse). Pa bokosi mupeza manambala awiri. RG imaloledwa pakati pa 2.46 ndi 2.80, yotsika imachititsa mpira kuyamba kuzungulira msanga. Differential siyenera kupitirira 0.060, ikakwera, mpira umasinthasintha mbali yomwe ikukhudza lane ndipo umatha kukhota kwambiri. Ine ndingakulozereni RG ya cha m'ma 2.48 mpaka 2.52, differential yapakatikati cha m'ma 0.040 mpaka 0.050, khungu pa 2000. Mpira wotere ndi womwe mumayamba nawo kuti muwerenge lane. Ukaterereka mopitirira mukudziwa kuti mafuta ndi ambiri, ukagwira msanga mukudziwa kuti ndi ochepa, ndipo pamenepo mumadziwa choti mutenge m'chikwama.

Wolusa uja, wa core ya asymmetric (yosafanana mbali zonse), uli ndi malo ake: pattern yaitali ya mafuta ochuluka, kapena munthu woponya mwaliwiro koma wosazunguza mpira kwambiri. Simunandiuze kaponyedwe kanu, ndipo ndi nkhani yaikulu. Ngati liwiro lanu limaposa kazunguzidwe, mufunika khungu lokhakhalirapo. Ngati mumaponya pang'onopang'ono koma dzanja limazunguza kwambiri, mpira wolusa udzakuzunzani pafupifupi paliponse. Pitani kwa woboola mipira akuoneni mukuponya, ayeze PAP yanu (malo a pa mpira omwe umazungulirapo ukangochoka m'manja mwanu), kenako asankhe poboola. Muuzeni mosabisa kuti mukufuna wofatsa kumapeto. Bowo lowonjezera lomwe kale ankasinthira khalidwe la mpira linaletsedwa ndi USBC kuyambira pa 1 August 2020, choncho kaboole koyamba kayenera kukhala kolingalira bwino.

Za urethane mwina mwaziona kale kwa akatswiri. Khungu limeneli linabwera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, reactive isanatulukire cha m'ma 1990, ndipo labwereranso chifukwa pa pattern yaifupi silichita phuma likagunda pouma. Limagwira msanga n'kuyenda mosalala. Kuipa kwake n'kwakuti silimwa mafuta ngati reactive, limangowakankhira kutsogolo, ndiye pakapita magemu angapo kumapeto kwa lane kumayamba kuterera, kwa inu ndi kwa anzanu omwe. Limalowanso m'mapini mopanda ngodya yaikulu. Ndingati ukhale mpira wanu wachitatu, ndipo mufunse kaye malamulo a mpikisano wanu, poti ena anakhwimitsa za kulimba kwa urethane.

Pearl yanuyo musaitaye. Mafuta sakhala chimodzimodzi tsiku lonse. Mipira ya reactive imawamwa pamzere womwe anthu akuponyera, kutsogolo kumauma, ndipo solid ija imayamba kugwira msanga. Mukasunthira mkati koma ikutopabe panjira, nthawi ya pearl yakwana.

Chomaliza chomwe ndingakuumirizeni ndi mpira wa pulasitiki wa ma spare, wogwetsera mapini otsala pa kuponya kwachiwiri. Pa sport ma strike, kugwetsa mapini onse pa kuponya koyamba, amachepa kwa aliyense, ndipo opambana nthawi zambiri amakhala omwe sakusiya pini imodzi ikuwathawa. Kuyesa kugwetsa pini ya pakona ndi mpira wokhota pa mafuta omwe simukuwadziwa n'kutaya mapointi dala. Wa pulasitiki umayenda molunjika kaya pattern ndi ya mafiti 32 kapena 52. Ngati ndalama ikukwana zinthu ziwiri zokha, yambani ndi timapadi tija ndi pulasitikiyo, solid ibwere pambuyo. Mukayesa pearl yanu pa 2000, ndilembereninso mundiuze kutalika kwa pattern ndi thabwa lomwe mpira unatulukira m'mafuta, tidzaone ngati mukufunika kutsikira ku 1000.