Talk into, fall for, blow up: yankho kwa mchemwali wa ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wa ku Santhe amene akubwereza Fomu 4. Akuti aphunzitsi anawapatsa mndandanda wa ma phrasal verb 60 (aneni a Chingerezi otsatiridwa ndi kamawu ngati in, off kapena up), waloweza mpaka mutu kuwawa, koma akakhala pa mayeso oyeserera zonse zimabalalika. Mawu ake ndi awa: "Amene andisautsa ndi okamba za kunyengerera munthu, kupusitsa ndi kukwiya. Talk ndimaidziwa, into ndimaidziwa, koma zikangophatikizana ndimangoti kakasi. Kodi pali njira ina, kapena ndiziloweza basi?"

Achemwali, njira ilipo, ndipo mwakhala nayo pakamwa kuyambira muli kumsana. Tengani mawu oti kutenga. Mukati mwana watengera bambo ake, palibe chimene wanyamula. Mukati mtsikana watengeka ndi zonena za anzake, palibenso katundu wasuntha. Kunama, kunamiza ndi kunamizira ndi milandu itatu yosiyana kwa amfumu. Ife kamchira kosintha tanthauzo timakamata ku mneni komweko. Azungu amakaika padera: in, off, up, for. Kusiyana ndi kumeneko. Ndipo taonani, take after ndiye kutengera kwathu kuja ndendende. Choncho lekani kumasulira talk payekha ndi into payekha. Palibe anakuphunzitsani kuti kutengeka ndi kutenga kuphatikizapo "eka". Munangomva amayi akukalipira achemwali anu aakulu, mawuwo nkukhazikika.

Mndandanda umabalalika chifukwa mulibe munthu m'menemo. Ndikupatseni munthu.

Chaka chatha amalume anga ku Chamama anakolola soya matumba 8. Kunabwera venda pa njinga yamoto, sikelo ili pakaliyala, pakamwa pali uchi. "Madala, mtengo ukugwa mawa. Ku Lilongwe magalimoto angoima, palibe akugula. Ine ndangokumverani chisoni." Amalume anali atanena kuti sagulitsa mpaka Ogasiti, koma pomwe tiyi amazizira anali atavomera. Pa Chingerezi ndiye timati "The vendor talked him into selling." Azakhali, akazi awo, anayesetsa kuwaletsa kuseri kwa nkhokwe, koma zinakanika: "She tried to talk him out of it." Into akukulowetsani m'chinthu, out of akukutulutsanimo. Chimene chimagwetsa ambiri pa mayeso ndi mneni wotsatira. Ayenera kuthera ndi -ing. Ndi "talked him into selling", osati "into sell" kapena "to sell". Ndikamachonga mapepala a ophunzira anga, cholakwa ichi ndimachipeza pafupifupi tsamba lililonse.

Nkhani ya magalimoto oima ija inali yopeka: "He made it up." Amalume anaimeza yonse: "My uncle fell for it." Mukhozanso kunena kuti "He was taken in", ndipo take in wa tanthauzo ili amamveka bwino akatembenuzidwa chonchi, wopusitsidwayo nkukhala patsogolo. Tsono thumba lililonse la makilogalamu 50, lodzaza mpaka kusokera movutikira, pa sikelo ya mkuluyo limalemera 43. Uku ndiye kuponda kumene achinyamata amanena, ndipo Chingerezi chake ndi "He ripped him off."

Amene anamutulukira venda ndi mdzukulu wa Sitandade 7. Anali atayezedwa kuchipatala sabata yomweyo, ndiye anangodzikoleka pa mbedza ya sikeloyo ngati akusewera, nkufuula kuti, "Agogo, ndaonda!" Anthu anaseka, amalume nkumuthamangitsa kuti akusokoneza akuluakulu. "The boy saw through him." Kutulukira kwathu ndi see through zimagwirizana bwino kwambiri, moti ine ndikaiwala chimodzi ndimakumbukira ndi chinzake.

Apa ndichedwepo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali malikisi. Ma phrasal verb ena amalola kuti muike munthu kapena chinthu pakati, ena salola. Rip off ndi make up amalola, ndipo mukagwiritsa ntchito him, her, it kapena them, pakatipo ndi pokakamiza: "ripped him off", "made it up". Mukalemba "ripped off him" mwalakwa. Fall for salola: ndi "fell for it" nthawi zonse. See through ndiye wachinyengo mwini wake. "I saw through it" ndi kuti ndinatulukira bodzalo. "I saw it through" ndi kuti ndinapirira nayo ntchitoyo mpaka kumapeto. Mawu omwewo anayi, mwangosuntha kamodzi. Fall for nayenso ali ndi nkhope ziwiri: "She fell for his story" anapusitsidwa, "She fell for him" anamukonda. Kawirikawiri zimachitikira limodzi, koma imeneyo si nkhani ya galamala.

Tibwerere ku Chamama. Madzulo mnansi anabwera ndi sikelo yake, anayeza thumba la chimanga limene venda analiyezanso mongocheza, ndipo chilungamo chinaoneka. Amalume analusa, chipewa pansi, kufuna kubwereka njinga usiku womwewo: "He blew up." Anthu anawagwira kuti akhazike mtima pansi: "They calmed him down." Azakhali sanakalipe. Anakhala pakhonde nkuyamba kulira, chifukwa ndalama yoperewerayo inali ya fizi: "She broke down." Galimoto ikafera panjira amatinso broke down, ndipo ndikuganiza kuti chithunzi chake ndi chimodzi, chinthu chimene chimayenda chaima. Azakhaliwo amati amuna awo awagwiritsa fuwa la moto: "He let her down." Anakhala masiku osayankhulana, they fell out, kenaka nkugwirizananso, they made up. Inde, make up yemwe uja wopeka bodza. Musadandaule, chiganizo chimakuuzani chokha kuti ndi uti.

Mukaonetsetsa, up amakonda kubwera pamene mtima wakwera, monga blow up, cheer up, ndi worked up, pamene down amabwera mtima ukatsika. Ifenso timati mtima uli m'mwamba, mtima pansi. Koma musachite kulumbirira, si lamulo. Give up alibe chokwera chilichonse.

China chimene mndandanda wanu sunakuuzeni: mawuwa sali pa mulingo umodzi. Persuade (kunyengerera) ndi deceive (kupusitsa) anachokera ku Chilatini, chija amaphunzitsa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama kuno chitsegulire sukuluyo mu 1981, ndipo ndi mawu ovala jekete. Ma phrasal verb ambiri ndi a pamsika ndi pakhomo. Mu nkhani yopeka ya pa MSCE, makamaka anthu akamayankhulana, talk into ndi fall for amakometsa kwambiri. Koma mu kalata yopita kwa DC kapena lipoti, musalembe kuti "farmers are being ripped off". Lembani cheated. Rip off ndi freak out asiyireni macheza ndi WhatsApp.

Ndiye chitani izi. Pa 60 aja sankhanipo 10 okha. Kumbukirani tsiku limene munapusitsidwapo, kaya ndi uthenga wa pafoni uja woti "ndatumiza ndalama molakwitsa, ndibwezereni", kaya ndi nsapato ya pa kaunjika imene inamatuka musanafike kunyumba. Ilembeni nkhaniyo m'Chingerezi, ziganizo 10, mayina a anthu enieni muwabise. Muiwerenge mokweza kawiri, ngakhale akunyumba aziti mwayamba misala. Mukatero nditumizireni pa imelo yomweyi ndikuchongereni.

Amalume chaka chino agula sikelo yawoyawo, ndipo woyeza ndi mdzukulu uja. Koma za matumba 8 aja musawakumbutse. They haven't got over it.