Kupeka nyimbo za filimu, zisudzo ndi konsati

Funso: Akonzi, ndimaimba kiyibodi ndipo ndikufuna kumapeka nyimbo za mafilimu, zisudzo ndi makonsati ngati Tan Dun wa ku China. Kodi zonsezi ndi ntchito imodzi? *Wowerenga, Zomba*

Yankho: Ayi ndithu, ngakhale Tan Dun, yemwe analandira mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2001, amazichita zonse.

Pa filimu mumayamba mwakhala pansi ndi wotsogolera filimuyo n'kugwirizana pamene nyimbo iliyonse iyambire ndi pamene ithere. Dikirani amalize kudula filimu. Akangochotsa masekondi awiri, ng'oma yanu yofunika kulira pamene chitseko chikutsekeka imalira chitatsekeka kale. Jambulani pa 48 kHz (muyezo wa kajambulidwe ka mawu), osati 44.1 kHz ya pa CD, ndipo perekani ng'oma pazokha, zoimbira za zingwe pazokha, kuti wosakaniza mawu athe kutsitsa chimene chikukwirira zolankhula. Apa m'pamene oyamba kumene amalakwitsa kwambiri.

Pa siteji wosewera lero afulumira, mawa achedwa, choncho lembani kachigawo kobwerezabwereza mpaka afike pa mawu amene munagwirizana.

Ku konsati woimba aliyense amafuna manotsi akeake. Lipenga la B-flat mulilembere toni imodzi pamwamba pa mmene mukufuna limvekere, apo ayi lidzasemphana ndi anzake.

Nyimbo zanuzo kalembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zopeka zina, kuti muzilandira kangachepe zikamaseweredwa.