Funsani Ojambula: Timu ya Sukulu, Flash ndi Dzuwa la Lilongwe

Mipikisano ya m'sukulu ikamatha, makalata amene timalandira amafanana: ahedi akufuna chithunzi cha timu chokapachika mu ofesi, ndipo wojambula wagwira njakata. Mwezi uno tasankhapo asanu.

Akonzi, sukulu ina ku Area 25 yandiitana kukajambula timu ya mpira wamiyendo, anyamata 22 ndi aphunzitsi atatu, pamodzi ndi chikho chawo. Ndili ndi Canon, lenzi ya 18-55, ma flash awiri a Godox TT600, trigger (kachipangizo koyatsira flash patali), masitandi awiri ndi maambulera ofewetsera kuwala. Chaka chatha ndidaimika flash imodzi chapambali, mamita awiri kuchokera pa ana. Oyandikira adayera mbuu ngati achokera kuchigayo, akutali adada bii. Ndidalakwitsa pati? — Wojambula, Area 25

Achimwene, zida zanuzo n'zokwanira. Chidakupwetekani ndi mtunda.

Kuwala kwa flash kumafooka msanga kukamapita kutali. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kofika pamenepo kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ukawirikiza katatu, limodzi mwa magawo 9. Tsono tiwerengere limodzi. Anthu 25 amalowa m'mizere itatu, mzere uliwonse wa anthu 8 kapena 9, kutalika kwake mamita anayi ndi theka. Inu mudaimika flash kumapeto kwa mzere. Mnyamata woyandikira adali pa mamita 2, wakumapeto enawo pa mamita oposa 6. Woyambayo adadya nsima yonse, winayo adangonyambita mbale.

Ngakhale mukadaiika kutsogolo, pa mamita 2 vuto likadatsalabe. Pakati pa mzere ndi unzake pamakhala masentimita 60, ndiye kuti mzere wachitatu uli pa mamita 3.2, ndipo ukulandira kuwala kosakwana theka la kumene woyamba ukulandira. Bwezani flash mpaka mamita 6. Wakumbuyo tsopano ali pa 7.2, ndipo pa magawo 10 a kuwala akulandira 7. Kusiyana kotereku diso silikuona kwenikweni.

Koma kubwerera m'mbuyo kuli ndi mtengo wake, mphamvu imachepa. Pabokosi la TT600 adalembapo guide number 60, nambala yosonyeza mphamvu ya flash. Musanyengeke nayo: nambalayo adaiyeza pa ISO 100 (ISO ndi mulingo wa mmene kamera imamvera kuwala) mutu wa flash uli pa zoom ya 200, pomwe kuwala kumatuluka kopanikizana ngati kwa tochi. Kuti kukwanire timu yonse muika zoom pa 35, ndipo nambala ija imatsikira cha m'ma 35. Igaweni ndi mtunda: 35 kugawa ndi mamita 6 ikukupatsani aperture (kukula kwa bowo la lenzi) ya f/5.6 ndi kapang'ono, flash ili pa mphamvu yonse. Yachiwiri ikawonjezera pamenepo mwafika pa f/8. Ndiyo malire a zida zanu, ndipo pa timu ya mizere itatu f/8 ndi yomwe mukufuna kuti nkhope zonse zituluke zakuthwa.

N'chifukwa chake maambulera tikuti atsale m'chikwama. Ambulera imadya theka la kuwala, nthawi zina kuposerapo, ndipo ikakhala pa mamita 6 imakhala kanthu kakang'ono kosafewetsa mithunzi monga imachitira pojambula munthu mmodzi. Chomwe imachita bwino pabwalo ndi kugwira mphepo. Mwera wa mu Juni ndi Julaye, kapena kamvuluvulu wa mu Seputembala, amagwetsa sitandi ya ambulera inu musanatembenuke n'komwe, ndipo phazi la flash ndi la pulasitiki.

Patsikulo chitani motere. Pemphani 4 koloko madzulo kapena kupitirirako pang'ono. Ku Lilongwe dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 mu Juni, ndipo mu Disembala limadutsa pang'ono 6 koloko, choncho muli ndi ola lathunthu. Anyamata afulatire dzuwa, ayang'ane kum'mawa. Akatero sathobwa m'maso, ndipo dzuwalo limawalembera kamzere kowala m'mapewa ndi m'mitu, kamene kamawalekanitsa ndi mitengo yakumbuyo. Lenzi ivekeni hood, apo ayi wina aitchingire ndi katoni, chifukwa dzuwa likalowa m'galasi chithunzi chimachita nkhungu.

Kamera ikhale pa tripod, mamita 7 kuchokera pa mzere woyamba, lenzi pa 28. Pa 18 musayerekeze: anyamata a m'mbali amatuluka otambasuka mitu. Masitandi awiri aja akhale pafupi ndi inu, ina kumanja ina kumanzere, mita imodzi ndi theka kuchokera pa kamera, pa mamita 6 aja kuchokera pa mzere woyamba, ndipo muwakweze mamita awiri ndi theka kapena atatu. Ambiri amawatayanitsa kutali, uku ndi uku, poganiza kuti kuwala kufalikira bwino. Zotsatira zake mutu wa aliyense umaponya mithunzi iwiri, ndipo yonse imagwera pankhope za anzake akumbuyo. Flash ikakhala m'mwamba ndiponso pafupi ndi kamera, mthunzi umagwera pansi kuseri kwa mwiniwake, komwe kamera siona. Mitu ya ma flash ilozetseni pa mzere wakumbuyo, osati wakutsogolo. Pakati pa kuwala ndiye pali mphamvu, ndipo ofunika mphamvuyo ndi akutaliwo. Pa sitandi iliyonse mangirirani chigubu cha malita 5 chodzaza madzi, chomwe ndi makilogalamu 5, kapena thumba la mchenga.

Kenako kamera pa M (pomwe mumasankha zonse nokha), ISO 100, shata 1/200 ya sekondi, f/8, ma flash ali chizimire. Jambulani n'kuyang'ana thambo ndi bwalo zokha. Zikayera kwambiri pitani pa f/11 kapena dikirani mphindi 20 dzuwa lipendekeke. Nkhope panthawiyi zioneka zakuda, ndipo n'momwe ziyenera kuonekera. Tsopano yatsani ma flash onse pa 1/2 (theka la mphamvu), muone, mukweze ngati pakufunika. Kumbukirani kuti shata imangolamulira kuwala kwa dzuwa, pomwe aperture ndi ISO zimakhudza zonse ziwiri. Thambo likada kwambiri tsitsani shata kufika pa 1/125, nkhope zisintha pang'ono chabe.

Zonsezi muyeze timu isanafike. Bwerekani mwana mmodzi wovala jezi, aime pakati, kumanzere, kumanja, kenako kumbuyo, mukujambula paliponse. Anyamata 22 amene angotuluka m'kalasi sangakudikireni mukulimbana ndi mabatani.

Ahedi akuti nthawi yokhayo imene ana angapezeke ndi 12 koloko masana. Ndikagule flash yaikulu? — Wojambula, Biwi

Yambani mwakambirana nawo ahediwo, mwaulemu, muwaonetse chithunzi cha masana ndi cha madzulo pafoni. Kawirikawiri amasintha maganizo. Lilongwe ili madigiri 14 kumwera kwa equator, ndipo kumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Maso amalowa m'maenje amdima, mphuno ndi chipumi zikuwala.

Akakanitsitsa, masamu ake ndi awa. Dzuwa likaswa mtengo, pa ISO 100 ndi shata 1/200 kamera imafuna f/11. Flash imodzi yaing'ono imafika f/11 pa mamita atatu okha, ziwiri pa mamita anayi ndi theka. Kudzaza mithunzi ya m'maso zikhoza, koma zikhala zikugwira pa mphamvu yonse, ndipo buku la Godox limachenjeza kuti mukawombera ka 30 motsatizana pa mphamvu yonseyo (1/1) muipumitse mphindi 10, apo ayi imayamba yokha kuchedwa podziteteza kukutentha. High speed sync, njira yowombera flash pa shata yothamanga kwambiri, pano sikuthandizani, imadya mphamvu yambiri ndipo ndi yabwino pa munthu mmodzi wapafupi. Flash yaikulu ya Godox AD200 ili ndi mphamvu pafupifupi ya ma flash ang'onoang'ono atatu, ndipo ngati ntchito zoterezi mumazipeza kawirikawiri ndi yoyenera kuisungira ndalama. Koma pa ntchito imodzi, funani mthunzi: khonde lalitali, mbali ya holo, kapena khoma la buloko la makalasi. Mumthunzi kuwala kumatsika kufika pa f/5.6 kapena f/4, ndipo ma flash anu amakhala mafumu. Pansi pa mtengo wa mango kapena wa kesha samalani. Masamba akakhala ndi mipata, dzuwa limadontha m'nkhope ngati mawanga a nkhanga, ndipo pakompyuta simungawachotse.

Theka la chithunzi likumatuluka lakuda kumunsi, ndipo nthawi zina flash siyaka n'komwe. Kodi kamera yafa? — Wophunzira kujambula, Likuni

Siinafe. Shata mwaipitiriza malire. Makamera ambiri amagwirizana ndi flash mpaka 1/200, ena 1/250. Kupitirira apo chitseko cha shata chimakhala chayamba kale kutseka pamene flash ikuyaka, ndiye mdima mukuuonawo. Ndi trigger yotchipa tsikirani pa 1/160.

Za kusayaka, onani izi motsatana: channel ndi gulu pa trigger zifanane ndi za pa flash; silent shooting ikhale yozimitsa; flash isakhale pa S1 kapena S2, pomwe imayaka ikaona inzake yayaka, chifukwa kadiso kake kodikira kuwala kwa inzake sikaona bwino padzuwa. Ngati kamera yanu ndi Canon 4000D kapena 250D, suzumirani pomwe pamalowa flash: kachitsulo kapakati kaja palibe, ndipo trigger ya pini imodzi siigwira. Imafuna yopangidwira Canon, monga X2T-C. Zikapanda kukhala zonsezi, ndi mabatire. A m'magolosale otchipa aja flash imangowanyambita. Gulani otchaja a NiMH monga Eneloop, anayi pa flash iliyonse ndi anayi ena apadera, ndipo muwatchaje dzulo lake magetsi akadalipo.

Ndine mphunzitsi wa zamasewero, ndimajambula ndekha timu yathu ya ntchemberembaye. Atsikana amatuluka onyezimira pachipumi ndi m'masaya, mabibu oyera sakuoneka zilembo, ndipo magalasi a amayi ahedi amangoti mbee. — Mphunzitsi, Kawale

Aphunzitsi, mavuto atatuwa gwero lake ndi limodzi: chilichonse chosalala chimabweza flash ngati kalilole. Khungu la thukuta kapena lodzola mafuta ambiri limatero, ndipo pakhungu lakuda kunyezimirako kumaonekera kwambiri chifukwa malo ozungulira ndi oderapo. Jambulani masewero asanayambe, osati atatha. Auzeni atsikana dzulo lake kuti kumaso asachulutse Vaseline, ndipo mubwere ndi tishu aliyense adzigunde nayo pachipumi, pamphuno ndi m'masaya, osapukuta mokhula.

Timu ya ntchemberembaye ndi yaing'ono, osewera 7 ndi apabenchi, anthu 12 basi, mizere iwiri. Apa ndiye ambulera yoyera ili ndi ntchito, pa mamita atatu kapena anayi, makamaka mukakhala m'holo mopanda mphepo. Kuwala kukachokera pa chinthu chachikulu, kunyezimira kumafalikira n'kufewa m'malo mokhala kadontho kowala. M'holomo kwezani ISO kufika 400 kuti mubweze zimene ambulera yadya, ndipo muzimitse machubu a kudenga, amene amapaka khungu mtundu wobiriwira.

Za mabibu: musayatse flash mopitiriza pofuna kuwalitsa nkhope. Khungu lakuda liyenera kutuluka lakuda, lokongola, looneka bwino. Yatsani chenjezo la highlight pakamera, lomwe limaphethiritsa malo opserera, ndipo tsitsani mphamvu mpaka mabibu olembedwa GS ndi WA asiye kuphethira. Jambulani RAW (fayilo yosafinyidwa yokonza pakompyuta), nkhope yoderapo mukhoza kuikweza pambuyo pake, koma nsalu yopserera yapita. White balance, yomwe imalamulira mitundu, ikhale pa flash kapena daylight, osati auto, kuti zithunzi zonse zifanane mtundu.

Magalasi ndiye osavuta. Kwezani sitandi masentimita 30 ena, kapena pemphani amayiwo atsitse chibwano pang'ono. Ena amakweza timiyendo ta magalasi pamwamba pa makutu kuti galasi liwerame, kuwala kukagwere pansi.

Pa zithunzi 5 zimene ndidajambula, chilichonse chili ndi wina wotsinzina kapena wobisika. Nditakatsukitsa cha 8 kwa 10, goloboyi adadulidwa mkono. — Wojambula, Area 36

Zisanu n'zochepa. Pa anthu oposa 20 jambulani 15 kapena 20, kamera ili pa tripod osasuntha, kuti wina akaphethira mutenge nkhope yake pa chithunzi china n'kuiika pa chabwinocho. Pakati pa kuwombera ndi kuwombera dikirani kanyali ka flash kayake, masekondi awiri kapena atatu. Mukafulumira, chithunzi chachiwiri chimatuluka chakuda. Ena amauza gulu kuti litsinzine, n'kutsegula maso pa "tatu". Zimagwira kwa akuluakulu, koma ana a pulayimale amatong'ola maso ngati aona njoka, choncho ingowerengani mokweza n'kuwombera kawiri, pa "tatu" ndi pambuyo pake pang'ono, pomwe amamasuka.

Pokonza mizere bwerekani mabenchi a m'kalasi. Aafupi anjute kapena agwade bondo limodzi kutsogolo, apakati akhale pabenchi pamodzi ndi ahedi, kaputeni ndi chikho, aatali aime kumbuyo, aphunzitsi a timu m'mbali. Aliyense wakumbuyo aike nkhope pampata wa mitu iwiri ya kutsogolo kwake. Auzeni kuti amene sakuona lenzi ndi maso onse awiri, kameranso sikumuona. Focus ikani pankhope ya mzere wapakati. Chikho chipendeketseni pang'ono kuti chisabweze flash, ndipo yang'anani kumbuyo: mzati wa golo kapena wa magetsi usamere pamutu pa munthu, zimbudzi za sukulu zisalowe.

Mkono wa goloboyi adaudula ndi masamu a pepala. Kamera yanu imajambula mulingo wa 3 kwa 2, womwe umakwana ndendende pa 6 kwa 4 ndi 12 kwa 8. Pepala la 8 kwa 10 ndi lalifupi, limadula gawo limodzi mwa magawo 6 a m'litali mwa chithunzi. Siyani mpata wokwana munthu mmodzi mbali iliyonse, ndi wina kumunsi wolembapo dzina la sukulu, chaka ndi mayina a osewera. Ku studio pititsani pa flash disk. Mukatumiza pa WhatsApp tumizani ngati document, chifukwa njira inayo imachifinya, ndipo cha A4 chimafuna mapikiselo 3508 kwa 2480 kuti chituluke bwino. Awa ndi ana a eni, ndiye musanachiike pa Facebook potsatsa ntchito yanu, ahedi avomere kaye ndipo makolo adziwe.